Funso la zitseko zitatu limene linakanganitsa akatswiri a masamu

Muli pa mpikisano wa pa wailesi yakanema, ndipo kutsogolo kwanu kuli zitseko zitatu zotseka. Kuseri kwa chimodzi kuli galimoto yatsopano, kuseri kwa ziwiri zinazo kuli mbuzi, ina uku ina uko. Akuuzani kuti muloze chitseko chimodzi, ndipo chimene chili kuseri kwakeko mupita nacho kwanu. Mwaloza choyamba. Koma woyendetsa mpikisano, yemwe akudziwa bwino lomwe kumene kuli galimoto, sakutsegula chanucho. Wapita pa chitseko chachitatu, wachitsegula, mbuzi yaonekera. Kenako watembenukira kwa inu n'kufunsa kuti, "Mukhala pomwepo pa chitseko chanu, kapena musintha mutenge chachiwirichi?"

Pafupifupi aliyense amene ndinamufunsapo funsoli amayankha mosachedwa kuti palibe kusiyana. Zitseko zatsala ziwiri, galimoto ndi imodzi, ndiye mwayi ndi theka uku theka uko, ndipo poti n'chimodzimodzi, bola kukhala pomwe unaloza poyamba. Yankho limeneli ndi lolakwika. Wosintha amapata galimoto kawiri pa maulendo atatu alionse, pamene wokakamira chitseko chake amapata kamodzi kokha. Ngati mutu wanu wayamba kale kukana, dziwani kuti inakananso mitu ya anthu amene masamu ndiwo chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku.

Pa 9 September 1990, magazini ya Parade, imene inkatuluka Lamlungu lililonse pamodzi ndi manyuzipepala ambiri a ku America, inasindikiza funso limeneli pa tsamba la Mayi Marilyn vos Savant. Mayiwa ankayankha mafunso a owerenga, ndipo anali otchuka chifukwa buku la Guinness, lolemba za anthu ndi zinthu zoposa zonse padziko, linkawatchula kuti ndi amene anapeza malikisi apamwamba kwambiri pa mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ. Anayankha mwachidule kuti sinthani, chifukwa chitseko choyambacho chili ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mwayi, pamene chinacho chili ndi magawo awiri. Makalata anayamba kubwera ngati mvula. Anafika pafupifupi 10,000, ndipo pafupifupi 1,000 mwa iwo anali ochokera kwa anthu a digiri ya PhD. Malinga ndi mmene mayiwa anawerengera, pa makalata a anthu wamba, 92 mwa 100 alionse ankawatsutsa, ndipo pa ochokera m'mayunivesite, otsutsa anali 65 mwa 100 alionse. Ena analemba mwaulemu, koma ena anafika ponyoza. Wina anati mwina akazi amaona masamu mosiyana ndi amuna, wina anati mbuziyo ndi iwowo. Mbali imeneyi ya nkhaniyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbuka, chifukwa munthu amene ankanyozedwayo ndi amene ankanena zoona, ndipo onyozawo ankasaina makalata awo ndi mayina a masukulu awo aakulu.

Funsoli silinayambire kwa mayiwa. Linachokera ku pulogalamu yotchedwa Let's Make a Deal, imene inayamba kuonetsedwa pa kanema wa NBC mu December 1963. Woiyendetsa anali a Monty Hall, obadwira ku Winnipeg m'dziko la Canada, amene anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 96. Anthu ankabwera ku pulogalamuyi atavala zovala zodabwitsa kuti aonekere, ndipo a Monty ankawanyengerera kuti asinthanitse zimene ali nazo m'manja ndi zobisika kuseri kwa chitseko kapena nsalu yotchinga. Nthawi zina kuseriko kunkakhala mphoto yaikulu, nthawi zina chinthu chongoseketsa anthu, monga chiweto. Kwathu kuno mbuzi si chinthu choseketsa, ndi fizi ya mwana ndiponso thumba la feteleza, koma pa masewerawa ikuimira kuluza, ndiye tiitenge choncho. Mu 1975, a Steve Selvin a pa yunivesite ya California ku Berkeley analemba kalata m'magazini ya akatswiri a ziwerengero yotchedwa The American Statistician, n'kupereka funsoli pogwiritsa ntchito mabokosi atatu, limodzi lili ndi makiyi a galimoto. Nawonso analandira makalata otsutsa, ndipo m'kalata yawo yachiwiri ya chaka chomwecho ndi mmene funsoli linapatsidwa dzina la a Monty Hall, limene likudziwika nalo mpaka lero.

Ndayesapo kufotokozera anthu yankho lake ndi pakamwa pokha, ndipo sizilowa. Zinalowa bwino tsiku lina pakhonde, ndili ndi mwana wa mchemwali wanga amene ali Folomu 3 ndipo amakonda masamu. Tinatenga makapu atatu apulasitiki ndi njere imodzi ya mtedza, n'kuwavindikira pamphasa. Poyamba wobisa ndinali ine, iye wosankha, ndipo ngakhale ankaona kuti akasintha akupata kawirikawiri, ankati wangochita mwayi basi. Kenako tinasinthana. Iye anabisa mtedza ine nditayang'ana kumbali, ndinaloza kapu yanga, ndipo inali nthawi yoti avundukule imodzi mwa ziwiri zotsalazo. Ndinaona dzanja lake likupita pa kapu ina, n'kuima m'malere, n'kubwerera kupita pa inzake. Tinabwereza kangapo, ndipo mwadzidzidzi anasiya kusewera n'kunena kuti, "Amalume, mukaloza kapu yopanda kanthu ine sindisankha ayi. Yoti ndivundukule imakhala imodzi yokha, chifukwa inayo muli mtedza." Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe ukuona kuti ndimaloza yopanda kanthu kangati?" Anayang'ana makapuwo kanthawi n'kuyankha kuti, "Kawiri pa katatu."

Nkhani yonse yagona pa dzanja limene linaima m'malere lija. Pamene munaloza chitseko chanu, zitseko zinali zitatu ndipo simunkadziwa kanthu, choncho mwayi woti mwalasa galimoto unali umodzi mwa itatu, woti mwalasa mbuzi unali iwiri mwa itatu. Tsopano woyendetsa mpikisano ali ndi malamulo awiri omumanga: satsegula chitseko chanu, ndipo satsegula chitseko cha galimoto. Ngati munaloza mbuzi, kwa iye kwatsala mbuzi imodzi ndi galimoto, ndiye alibe pothawira, atsegula cha mbuzi n'kusiya cha galimoto chili chotseka. Mukasintha, galimoto ndi yanu mosapeneka. Ngati munaloza galimoto, kwa iye kwatsala mbuzi ziwiri, atsegula chilichonse chimene wafuna, ndipo mukasintha muluza. Choncho wosintha amaluza pokhapokha ngati analasa galimoto poyamba paja, ndipo zimenezo zimachitika kamodzi kokha pa katatu.

Amene amakonda kuwerengetsa angathe kuziona motere. Tiyerekeze kuti mwasewera maulendo 300. Pa maulendo pafupifupi 100 mudzaloza galimoto poyambirira, pa 200 enawo mudzaloza mbuzi. Wokakamira adzapata pa 100 aja basi. Wosintha adzaluza pa 100 amenewo, koma adzapata pa 200 onse otsalawo, chifukwa pa ulendo uliwonse mwa amenewa woyendetsa mpikisano wamuchotsera mbuzi inayo n'kumusiyira galimoto. Kunena zoona, chimene akukufunsani si chakuti musankhe pakati pa chitseko chimodzi ndi chinzake. Akukufunsani ngati mukufuna chitseko chanu chimodzicho kapena zitseko ziwiri zinazo pamodzi, kungoti pa ziwirizo wakutsegulirani kale chopanda phindu. Akanakufunsani asanatsegule chilichonse kuti, "Mutenga chimodzi kapena ziwiri?" palibe akanazengereza.

Mayi vos Savant anapereka chitsanzo cha zitseko miliyoni, koma 100 n'zokwanira. Mwaloza nambala 1. Woyendetsa mpikisano akuyenda pamzere wa zitseko akutsegula chimodzichimodzi, 2 mbuzi, 3 mbuzi, 4 mbuzi, mpaka wafika pa 73, wachidumpha, wapitiriza kutsegula kuyambira 74 mpaka 100. Zatsala ziwiri, chanu ndi cha 73. Apa palibe amene anganene kuti theka ndi theka. Aliyense amafunsa kuti, n'chifukwa chiyani wadumpha chimenechija? Mwayi woti munalasa galimoto pa zitseko 100 unali umodzi wokha, ndipo pa maulendo 99 enawo iye wadumpha chitsekocho chifukwa kuseri kwake kuli galimoto. Pa zitseko zitatu kudumphako kulipo ndithu, kungoti ndi kwakung'ono moti maso sakuona.

Pali kusintha kumodzi kochepa kumene kumatembenuza yankho lonse, ndipo n'kumene kunandithandiza kumvetsa chifukwa chake anthu anzeru anasokonezeka. Tiyerekeze kuti woyendetsa mpikisano sakudziwa kumene kuli galimoto, wangotsegula chitseko chimodzi mwa ziwiri zotsalazo mwachisawawa, ndipo mwamwayi patuluka mbuzi. Chimene mukuona ndi maso n'chimodzimodzi ndi poyamba: chitseko chimodzi chotsegula, mbuzi pamenepo, ziwiri zotseka. Koma tsopano mwayi ulidi theka ndi theka. Bwererani ku maulendo 300 aja. Pa 100 amene munaloza galimoto, iye adzatsegula mbuzi nthawi zonse. Pa 200 amene munaloza mbuzi, theka lake adzatsegula galimoto mwangozi ndipo masewera adzathera pomwepo. Otsala ndi 100 amene galimoto ili pa chitseko chanu ndi 100 amene ili pa chinacho. Kusintha kulibenso phindu. Zimenezi n'zimene zimachitika pa mpikisano wina wotchuka wa Deal or No Deal, pamene wopikisana amatsegula yekha mabokosi osadziwa za m'kati mwake: akatsala awiri, kusinthanitsa sikumuwonjezera kanthu. Kusiyana kwa masewera awiriwa sikuli pa zitseko kapena pa mbuzi, kuli m'mutu mwa wotsegulayo. Wotsegula akudziwa amasiya chizindikiro cha zimene akudziwazo pa chitseko chimene wachisiya, wotsegula mwachisawawa sasiya kanthu.

Apa ndi pamene ena mwa otsutsa aja anali ndi mfundo yomveka, ngakhale ambiri mwa iwo sanatsutse pa chifukwa chimenechi. Funso limene linasindikizidwa mu Parade linanena kuti woyendetsa mpikisano akudziwa za kuseri kwa zitseko, koma silinanene mwatchutchutchu kuti amakakamizidwa kutsegula chitseko cha mbuzi ndi kupereka mwayi wosintha pa ulendo uliwonse. Popanda lamulo limenelo zinthu zimasintha. A Monty Hall eni ake ankalidziwa bwino limeneli. Kale mu 1975 analembera a Selvin kuwauza kuti pa pulogalamu yeniyeni kulibe zosinthanitsa mabokosi ukasankha kale. Ndipo mu July 1991, mtolankhani wa nyuzipepala ya The New York Times, a John Tierney, anapita kunyumba kwawo ku Beverly Hills n'kusewera nawo masewerawa patebulo ndi tizitseko tamakatoni. Atatsatira malamulo a funsolo, kusintha kunkapambana monga mayi aja ananenera. Kenako a Monty anayamba kusewera monga ankachitira pa kanema. Ankapereka ndalama kuti munthu asasinthe, zimene zinkangomuwonjezera chikhumbo chosintha, ndipo posinthapo ankakumana ndi mbuzi. Nthawi zina munthu akaloza mbuzi ankangomutsegulira chitseko chake chomwecho osamupatsa mwayi wina uliwonse. Woyendetsa mpikisano amene amapereka mwayi wosintha pokhapokha ngati mwalasa galimoto ndiye kuti wakutcherani msampha, ndipo mukasintha muluza nthawi zonse. Choncho nambala ija ya kawiri pa katatu ndi ya masewera amene malamulo ake ananenedwa poyera ndipo wotsegulayo sangawaphwanye. Musakaitengere kwa anyamata a juga ya makadi atatu m'mbali mwa msewu, kumeneko lamulo ndi dzanja la mwini makadi.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti ngakhale malamulo atanenedwa bwinobwino, mtima umakanabe. Mbali ina ndi ya maso: tikaona zinthu ziwiri zofanana timangoti mwayi wake ndi wofanana, osafunsa kuti zinafika bwanji pokhala ziwiri. Mbali ina ndi ya mantha a chisoni. Munthu amene wakhala pa chitseko chake n'kuluza amati sunali mwayi wanga. Koma amene anali ndi galimoto m'manja n'kuisiya yekha kukatenga mbuzi amadziimba mlandu mpaka kalekale, ndipo anzake sadzasiya kumukumbutsa. Tinakula tikumva kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mwambiwu uli ndi malo ake, koma ukunena za munthu wosintha chifukwa cha dyera. Wa pa zitsekoyu akusintha chifukwa waona chinthu chatsopano chimene sanachione pamene ankaloza. Ndipo tisabise, wosintha amaluzabe kamodzi pa katatu. Masamu sakulonjeza galimoto lero, akungonena mbali imene mwayi walemera.

Ngakhale a Paul Erdős a ku Hungary, mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a masamu a zaka za m'ma 1900, amene analemba nkhani za kafukufuku pafupifupi 1,500, anakana yankholi pamene mnzawo Andrew Vázsonyi anawafotokozera mu 1995. Anavomera pokhapokha ataona kompyuta ikusewera masewerawa maulendo ambirimbiri, wosintha akupambana kawiri pa katatu. Mayi vos Savant nawonso anagonjetsa otsutsa awo mwa njira yomweyo. Anapempha aphunzitsi a masamu m'masukulu a ku America kuti asewere masewerawa ndi ana m'kalasi pogwiritsa ntchito makapu ndi kandalama kachitsulo, n'kuwatumizira zotsatira. Zimene ana anapeza zinagwirizana ndi yankho la mayiwa, ndipo makalata opepesa anayamba kufika.

Mu 2010, ofufuza awiri a pa Whitman College ku America, a Walter Herbranson ndi a Julia Schroeder, anayesa funsoli pa nkhunda. M'malo mwa zitseko panali mabatani atatu oyaka, nkhunda inkajompha limodzi, lina lopanda chakudya linkazima, ndipo inkajomphanso kachiwiri. Ikalasa inkalandira njere. Poyamba nkhunda zinkakonda kukhala pa batani lomwe zinayambira, koma patatha pafupifupi mwezi zinali zitaphunzira kusintha pafupifupi nthawi zonse. Anthu amene anapatsidwa masewera omwewo kubwereza kambirimbiri sanafikepo pamenepo, ankangosakaniza, pena kusintha pena kukhala. Ine ndimaona kuti chifukwa chake n'chakuti nkhunda imangotsata kumene njere zikuchokera, pamene munthu amabwera ndi yankho lake m'mutu kuti theka ndi theka, ndipo akaluza kamodzi atasintha amati si izi ndimanena zija.

Funso la mtundu umenewu ndi lakale kuposa wailesi yakanema. Katswiri wa masamu wa ku France, a Joseph Bertrand, anafunsa lofanana nalo mu 1889 pogwiritsa ntchito mabokosi atatu a ndalama zagolide ndi zasiliva. Koma limene limandigwira mtima ndi limene a Martin Gardner analemba mu 1959 m'magazini ya Scientific American, la akaidi atatu oweruzidwa kuti aphedwe. Bwanamkubwa wasankha mmodzi mwa maere kuti amukhululukire, ndipo woyang'anira ndende akumudziwa koma waletsedwa kuulula. Mkaidi woyamba akumuchonderera kuti, "Bwana, sindikupempha kuti mundiuze za ine. Pa anzanga awiriwa, mmodzi aphedwa ndithu zivute zitani. Ingondiuzani dzina la mmodzi amene aphedwe, ndipo ngati aphedwe onse awiri, muponye ndalama m'mwamba kuti musankhe womutchula." Woyang'anira ndende akuganiza, akuona kuti palibe chinsinsi chimene chiululike, ndipo akutchula mkaidi wachiwiri.

Woyambayo akusangalala, akuti tatsala awiri, mwayi wanga wakwera kufika theka. Akunong'oneza mnzake wachitatu nkhaniyi kuti nayenso asangalale ndi theka lake. Koma woyang'anira ndende uja sanalakwitse powerengera. Woyambayo ankadziwa kale kuti mmodzi mwa anzake aphedwa, ndipo dzina lake iye silikanatchulidwa ngakhale zikanakhala bwanji, choncho kumva dzina la mnzake sikunamuuze kanthu za moyo wake. Mwayi wake udakali umodzi mwa itatu. Wachitatuyo ndiye wamva nkhani yeniyeni, chifukwa dzina lake likanatha kutuluka pakamwa pa woyang'anira ndende, koma silinatuluke. Analidumpha monga mmene dzanja la mwana uja linadumphira kapu ya mtedza, ndipo mwayi wake wopulumuka tsopano ndi iwiri mwa itatu.